Kwa Abale Okhala ku Joni: Nkhanza za M'nyumba Yopanda Ankhoswe

Kwathu ku Magomero, mkazi akamenyedwa ndi mwamuna wake, ngakhale auzidwe kangati kuti banja n'kupirira, ali nako kothawira, pakuti alipo ankhoswe, alipo atsibweni, ndipo zikakanika alipo anyakwawa. Koma iwo amene akhala mwamuna ndi mwamuna mnzake, kapena mkazi ndi mkazi mnzake, palibe nkhoswe amene adawaimira, kotero kuti chipsinjo chikawagwera amalirira m'mimba. Gawo 153 la malamulo a milandu a dziko lathu likadalamula zaka zofika 14 m'ndende kwa amuna ogonana okhaokha, ndipo khoti linakana kulichotsa pa 28 June 2024. Mantha amenewa abale athu amawoloka nawo pa Mwanza, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, nakafika nawo ku Johannesburg ndi ku Cape Town ali athunthu, ngakhale lamulo limene linawabala latsala kumbuyo.

Wankhanza amawadziwa mantha amenewa, nawasandutsa goli. Kawirikawiri sayamba ndi chibakera. Amayamba ndi kukusungira pasipoti, kukulandirira malipiro, kufufuza m'foni mwako ndi kukudanitsa ndi anzako mmodzimmodzi, ndipo tsiku limene unena zochoka, amatulutsa mawu amene adawasunga nthawi yonseyi: “Ukandisiya ndiimbira amayi ako kumudzi, ndiwauze chimene uli.” Kapena: “Ulibe mapepala iwe, ndikuitanira apolisi.” Amene akuuza mawu otere wakumenya kale, ngakhale dzanja lake lisanakukhudze. Ndipo musanyengedwe ndi onena kuti amuna okhaokha akamenyana ndi ndewu wamba, kapena kuti mkazi sangazunze mkazi mnzake. Funsani chabe kuti m'nyumbamo ndani amene amanjenjemera akamva chitseko chikutseguka.

Tsono dziwani ichi, pakuti ambiri sachidziwa: lamulo la ku South Africa loletsa nkhanza za m'banja, la chaka cha 1998, limatchula poyera anthu okhalira pamodzi, kaya ndi mwamuna ndi mkazi, kaya ndi amuna kapena akazi okhaokha, okwatirana ndi osakwatirana omwe. Mukhoza kupita kukhoti la majisitireti la dera lanu, popanda loya ndiponso popanda malipiro, kukapempha chikalata choletsa wokuzunzaniyo kukuopsezani kapena kukuyandikirani, ndipo akachiphwanya akhoza kumangidwa. Ngati mapepala anu sali bwino, yambani mwaonana ndi a Lawyers for Human Rights, kapena a Triangle Project ku Cape Town, kapena a bungwe la OUT, kuti musapite nokha, popeza mutu umodzi susenza denga. Nambala ya boma yothandiza ochitiridwa nkhanza, 0800 428 428, ndi yaulere.

Musanachoke, jambulani pasipoti ndi zikalata zanu, sungani mauthenga oopseza aja pamalo pamene iye sangawafufute, ikani kandalama kwa munthu mmodzi wokhulupirika, ndipo tsiku lochoka musalilengeze, chifukwa nthawi yosiyana ndiyo imene wankhanza amalusa koposa.

Ndipo inu amene mbale wotere wagogoda pakhomo panu usiku, kaya mumavomereza moyo wake kaya ayi, mpatseni mphasa ndi madzi osamba, mumperekeze kuchipatala ngati wavulala. Koma nkhani yake musaiponye pa gulu la WhatsApp la anthu akwathu, pakuti ikalowa mmenemo m'mawa, pofika madzulo yamveka kale pamsika wa Namadzi, ndipo mudzakhala mwamchitira ndi dzanja lanu chimene womuzunza uja ankangomuopseza nacho.