Akali m'bale wanu

Sabata ino werengani Luka 15:11-32, koma maso akhale pa mwana wamkulu. Pa vesi 30 akukana kumutcha wolowerera uja m'bale wake, akungomuloza ngati mwana wa atate ake chabe. Pa vesi 32 atate akumukumbutsa kuti ameneyo ndi mng'ono wake.

Nanga inu, uja anagulitsa katundu wa malemu amayi n'kumwera mowa, mumamutchula bwanji? "Chidakwa chija"? Zinawawa, tikudziwa. Kukhululuka sikutanthauza kumupatsanso ndalama za mowa, iyayi. Koma nambala yake munabuloka ija, itseguleni. Mutumireni foni lisanafike Sondo, mumufunse ngati wadya. Akayankha mwamwano musabwezere, mumupempherere usiku womwewo momutchula dzina.