Mtima wa mdzukulu si wa agogo

Kwathu ku Magaleta, malume anga ankanyadira kuti mtima wawo suthamanga. Zinayamba mdzukulu wawo wa kabaza atayezedwa n'kupezeka kuti mtima wake ukugunda ka 52 pa mphindi. Adokotala anati palibe vuto: mtima wozolowera zitunda za ku Neno umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Malume anaseka: "Ndiye kuti watengera ine."

Koma iwo anali ndi zaka 68, ndipo ankamwa atenolol wa BP, mankhwala amene amachepetsanso liwiro la mtima. Mutu ukawawawa, ankameza mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi, ati BP yakwera. Chizungulire chitayamba, anati ndi njala. Phuma pokwera kachitunda, anati ndi ukalamba. Mayi anga anawachonderera: "Achimwene, tiyeni kuchipatala." Iwo anati adzapita akatha kuthyola manachesi.

Anakomokera m'munda momwemo. Pachipatala cha Magaleta mtima unkagunda ka 38. Anawatumiza kuchipatala chachikulu cha Neno, komwe anawajambula mtima ndi makina a ECG n'kuwasinthira mankhwala. Anachita mwayi, chifukwa vuto linali mapiritsi. Kwa ena, makamaka okalamba, chimene chimafooka ndi mphamvu yoyendetsa kugunda mkati mwa mtima, ndipo amafunika pacemaker, kachipangizo koikidwa pansi pa khungu la pachifuwa.

Munthu wamkulu akapuma, mtima umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kwa mphindi yathunthu. Zikachepera 60 koma mukulima ndi kuyenda bwinobwino, nthawi zambiri sipafunika mankhwala, ingowauzani adokotala. Koma pakabwera chizungulire, kufooka, phuma, kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu kapena kukomoka, musalinde mawa.

Ngati mumamwa atenolol, propranolol kapena digoxin, musawonjezere nokha, komanso musasiye mwadzidzidzi, pakuti zonsezi n'zoopsa. Ku Neno kuli kiliniki ya matenda okhalitsa imene boma limayendetsa mothandizana ndi Abwenzi Pa Za Umoyo. Pitani ndi mapiritsi anu onse akawaone.

Lero mapiritsi a malume amasunga ndi akazi awo. Mdzukulu uja akadutsa pa njinga, malume amangomukwezera dzanja: "Pita, mtima umenewo ndi wako."