Thonje la Ngongole: Mugulitsa kwa Yani?

Amayi ndi abambo a ku Kaumbwe, thonje likayera m'minda, kumudzi kumafika anthu a sikelo ndi ndalama m'manja. Mtengo wawo umaposa wa kampani imene inakukongozani mbewu ndi mankhwala. Musadabwe nazo. Iwo sanaikepo kalikonse pa munda wanu, ndipo mvula ikadzayamba sadzabwera ndi mbewu.

Nkhaniyi ndi yakale. Boma litagulitsa kampani yake ya thonje ya Lintco mu 1994, Clark Cotton inatenga mafakitale a kuno kum'mawa, Lonrho inatenga a kwina. Ogula atachuluka, alimi ambiri anayamba kugulitsa kumbali, ngongole osabweza. Makampani anachepetsa ngongole, ndipo amene anavutika kwambiri ndi alimi okhulupirika. Dunavant, imene inalowa m'malo mwa Lonrho, inasintha njira: inkapereka zipangizo kudzera mwa mlimi wa m'mudzi momwemo, ndipo malipiro ake ankakwera anthu ake akabweza bwino. Kubweza kunakwera kwambiri. Nanga munthu amene mumakumana naye pamaliro, kuchigayo ndi kutchalitchi mungamuthawe bwanji?

Tisanamizane, kampani nayo imafinya ikaona kuti mulibe kolowera. Mu 2012 mtengo unagwa kuchoka pa K3,200 pa kilo kufika pa K1,600, makwacha akale, alimi atalima kale moyembekezera mtengo wa chaka chatha. Ambiri analeka thonje chaka chotsatira, makampani nawo n'kusowa chogula.

Choncho musanasainire, funsani mtengo wa chilichonse mwatenga, ulembedwe papepala, ndipo pepala lanu likhale m'nyumba mwanu. Mukamagulitsa, imani pasikelo ndi maso anu. Yambani mwabweza ngongole yonse. Ngati mgwirizano wanu ukulola, chotsalacho funirani msika wabwino.

M'gulu lanu lolandirira ngongole musalembe munthu chifukwa choti ndi mlamu wa tcheyamani. Lembani amene mukudziwa munda wake. Ndipo siyanitsani anthu awiri awa: amene chilala kapena matenda zamugwetsa, ndi amene wanyamula thonje usiku panjinga. Woyambayo mupatseni nthawi, abweze pang'onopang'ono. Wachiwiriyo apume chaka chimodzi osalandira kanthu, mudzi wonse udziwe chifukwa chake. Akabweza, mulandireninso, chifukwa mukamutsekera mpaka kalekale sadzaonanso chifukwa chobwezera. Malamulo amenewa gwirizanani mu Okutobala, mbewu isanafike, mfumu ya mudzi ilipo.