Chinsinsi cha Wodwala M'nthawi ya WhatsApp

Amayi anzanga, phunziro la mwezi uno likukhudza kafoni kamene ambiri timamanga pansonga ya chitenje. Kusukulu ya anamwino timaphunzitsa wophunzira aliyense, chaka choyamba chomwe, kuti za wodwala sizituluka pakhomo la chipatala. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsanso kuulula zotsatira za magazi a munthu mwiniwake asanalole. Koma masiku ano nkhani za matenda zikuyenda pa foni. Chipatala Cha Pa Foni chinayambira kuno ku Balaka mu 2011, ndipo lero mayi wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja amatha kutumizira mzamba chithunzi cha buku lake la kusikelo. Kodi panjirapo amawerenga nawo ndani?

Tiyambe ndi mawu akuti encryption. Uthenga wamba wa SMS uli ngati kalata yosamata: kampani ya foni imene yaunyamula ingathe kuuona. Uthenga wa pa WhatsApp, kuyambira 2016, umatsekedwa pa foni yanu ndipo umakatsekuka pa foni ya amene mwamutumizira basi. Ngakhale eni WhatsApp sangauwerenge. Loko ameneyu ndiye encryption. Sabisa zonse ayi: zimadziwikabe kuti nambala iyi inalankhula ndi iyo, nthawi yakuti. Ndipo chiyambire kalembera wa ma SIM card mu 2018, nambala iliyonse ili ndi dzina la mwini wake.

Maboma ambiri samukonda lokoyu. Ku Zambia, tsiku la chisankho mu Ogasiti 2021, WhatsApp inatsekedwa. Ku Britain mu 2025 kampani ya Apple inachotsa chitetezo china pa mafoni ake boma litafuna njira yolowera. Kwathu kuno, gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza chinsinsi cha makalata ndi mafoni athu. Komabe lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limati wopereka ntchito za encryption alembetse ku MACRA, bungwe loyang'anira zamafoni ndi mawayilesi, ndi kuliuza mmene lokoyo amagwirira ntchito. Achikulirefe tikukumbukira mkangano wa makina a CIRMS, amene anthu anawatcha aukazitape, umene unayamba mu 2011 n'kukhala zaka kukhothi. MACRA inkati ndi oyezera ntchito ndi ndalama za makampani a foni. Mu 2025, chaka cha chisankho, panabukanso phokoso pa makina otsata nkhani zabodza pa intaneti.

Boma lili ndi zifukwa zake, ndipo si zonse zopanda pake. Tonse tikudziwa wina amene anaberedwa ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money ndi munthu wodzitcha m'bale. Alipo amene amafalitsa zithunzi zolaula za ana. Apolisi amafuna kuwagwira. Koma ine ndimaona chonchi: kiyi wopangira apolisi ndi kiyi basi, ndipo kiyi amabedwa, amabwerekedwa, amagwa m'manja mwa wandale. Loko amene akubisa wakuba ndi yemweyo akubisa mayi wofunsa za ma ARV mwamuna wake asanadziwe, ndi mtsikana amene wagwiriridwa ndipo akufuna thandizo. Mpingo umadziwa kulemera kwa chinsinsi. Wansembe saulula za m'kulapa ngakhale atamuopseza. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 ndi chiyambi chabwino, ngakhale zimandidetsa nkhawa kuti woliyang'anira ndi MACRA yomweyo.

Tsopano pamene pali pathu. Mu Meyi 2022 namwino wina ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha zimene analemba za mtsogoleri wa dziko pa WhatsApp. Loko amateteza uthenga uli panjira, koma ukafika wafika. Pa gulu la anthu makumi asanu, aliyense ali ndi kiyi, ndipo mmodzi akajambula zimene mwalemba n'kutumiza kwina, encryption ilibenso ntchito. Magulu athu a mphakati ndi a banki mkhonde ali chimodzimodzi. Timalemba ndi mtima wabwino kuti tiwapempherere amayi akutiakuti, awapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero. Kodi eni ake analola? Pempho la pemphero limakwanira popanda kutchula matenda, ndipo Mulungu sasowa dzina la nthendayo.

M'makomo ambiri foni ndi imodzi: bambo, mayi ndi ana. Imagonanso kwa otchaja pamsika. Mwanjira imeneyi zinsinsi zambiri zimatuluka boma lisanakhudzepo n'komwe. Ikani nambala yachinsinsi pa foni, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa. WhatsApp ili ndi njira yoti mauthenga azifufutika okha pakapita tsiku limodzi, masiku 7 kapena 90. Mwana wanu wa kusekondale angakuikireni. Manambala 6 amene amabwera pa SMS polembetsa WhatsApp musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera kuchipatala. Ndipo mukamapereka nambala yanu kusikelo, nenani poyera ngati foniyo mumagwiritsa ntchito ndi ena, kuti mzamba adziwe zoyenera kulemba ndi zoyenera kudikira mpaka muonane maso ndi maso.