Phunziro: Kufika ku Nsanje Pamadzi

Ambiri a ife timalowa m'tauni ya Nsanje pamsewu wochokera ku Bangula. Komatu tauniyi inabadwira pamtsinje, ndipo munthu amaimvetsa bwino akaifikira pamadzi. M'phunziro lino titsika Shire pachombo chonyamula katundu, chija chophwathalala kunsi, choyenda pang'onopang'ono.

Zimene mlendo amaona

Ulendo ukuyambira pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Potsika, tsidya la kum'mawa ndi dziko la Mozambique. Mlendo amakumana ndi asodzi a milamba ndi makakana m'ngalawa zawo, amayi akuzula nyika m'dambo, ndiponso madimba a chimanga ndi mbatata ofika m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Woyendetsa chombo alibe mpata wosirira zimenezi. Maso ake amakhala pamilu ya mchenga ndi namasupuni, pakuti izi ndizo zimatseka njira.

Chombo chikakocheza, mlendo akhoza kuyendera msika, kumva Chisena ndi Chimang'anja, ndi kufunsa akuluakulu za kachisi wa M'bona ku Khulubvi, kumene munthu salowa popanda chilolezo cha eni malo.

Zimene mbiri imatiphunzitsa

M'nthawi ya atsamunda tauniyi inkatchedwa Port Herald. Sitima zochokera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, zinkatsitsa katundu pano, ndipo mu 1908 njanji inalumikiza dokoli ndi Blantyre. Koma m'chilimwe madzi ankachepa, sitima n'kumatitimira mumchenga. Choncho njanji inatalikitsidwa mpaka ku Chindio pa Zambezi, ndipo mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, katundu anayamba kungodutsa osaimanso padoko.

Mu Okotobala 2010 boma linatsegula doko latsopano ku Nsanje, koma chombo cha feteleza chimene anthu ankachidikira chinaimitsidwa ku Mozambique. Kawiri konseku phunziro ndi limodzi: chipupa cha simenti pachokha si doko. Pamafunika mtsinje wozama ndi mgwirizano wa mayiko awiri.

Gawo lathu

Za mgwirizano ndi za maboma, koma za mchenga zikutikhudza tonse. Dothi lokwirira Shire limachokera m'mapiri amene mitengo yatha ndi makala, ndiponso m'minda yolimidwa mpaka pagombe. Mtsinje ukakwiririka, chombo chimalephera kuyenda m'chilimwe, ndipo m'dzinja madzi amasefukira m'midzi mosavuta. Amene anaona madzi a 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023 akudziwa mtengo wake. Tisiye bango m'gombe, tibzale nsungwi ndi udzu wa vetiva, ndipo zinyalala za kumsika zisatayidwe mumtsinje.

Mafunso okambirana m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi

1. Kodi m'wodi mwathu ndi malo ati amene gombe likugumuka?
2. Nanga amene amadalira dimba la m'gombe tingawathandize bwanji kuti asafe ndi njala posiya kulima pamenepo?
3. Mlendo atatsika pachombo lero, tingamuonetse chiyani mosachita manyazi?