Makina odulira masitika: ugule ati ngati ntchito uchitira pa Kasiya?

Wofunsa: Achimwene, ndalama ya soya ndaisunga, ndipo amayi aonjezerapo pang'ono ya fodya. Ndikufuna nditsegule kashopu ka masitika pa Kasiya pompano. Pa Facebook ndaona makina otchedwa Cricut, aang'ono, ooneka bwino. Ndiitanitse omwewo?

Mlangizi: Usathamange, mphwanga. Tayamba wandiuza, adzabwere ndi ndalama pakhomo pakopo ndani?

Wofunsa: A kabaza. Aliyense amafuna dzina kapena vesi pa thanki ya njinga yake. Komanso maminibasi ndi malole a pamsewu wa ku Santhe, magolosale, ogulitsa feteleza ndi mbewu, ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba.

Mlangizi: Ndiye Cricut ikudyera ndalama chabe. Anaipangira munthu wokongoletsa makapu ndi makhadi m'nyumba mwake. Yaing'onoyo imadula chinthu chotambalala masentimita 30 okha, pulogalamu yake imafuna akaunti ndi intaneti, ndipo tilumo take n'tamtundu wakewake. Kalumo kakabuntha pa Kasiya, kena ukakatenga kuti? Ntchito zimene watchulazi zimafuna makina olowa mpukutu wa vinyl, pulasitiki yomata yodulira masitika, wa masentimita 61 m'lifupi. Ogulitsa amawalemba kuti mainchi 24, ena 630, ena 720. Pamakina otero vinyl imayenda yokha kutsogolo ndi kumbuyo, choncho mawu a pagalasi la minibasi, ngakhale atatalika mita ndi theka, amatuluka kamodzi popanda kulumikiza.

Wofunsa: Nanga zithunzi? Wina akafuna nkhope ya mwana wake, kapena chizindikiro cha timu ya Bullets?

Mlangizi: Pamenepo ndi pamene ambiri amagwira fuwa la moto. Makina amenewa sasindikiza, alibe inki. Muli kalumo kamene kamayenda pamwamba pa vinyl n'kucheka mizere imene kompyuta yalamula. Vinyl ukaika yofiira, mawu atuluka ofiira. Ukafuna mitundu itatu, udula katatu n'kusanjikiza ndi manja. Nkhope ya munthu imafuna pulinta yaikulu ya inki ya eco-solvent, ndipo mtengo wake suyandikana n'komwe ndi ndalama ya soya. Ntchito yotero uzikasindikitsa ku Lilongwe, iwe n'kudzangoidula ndi kuimata. Usayesere kusindikiza pa kapulinta ka muofesi: inki yake dzuwa la Okotobala limaifufutsa msanga, mvula n'kudzamalizitsa.

Wofunsa: Makina a mainchi 24 aja alipo amtundu umodzi?

Mlangizi: Ayi. Pamwamba pali Roland ndi Graphtec, onse a ku Japan, monga Roland GS-24 ndi Graphtec CE7000-60. Injini zake ndi za servo. Amayenda mwakachetechete, tizilembo tating'ono amatidula mosalala, ndipo ali ndi diso loona zizindikiro za m'makona kuti adule mozungulira chithunzi chosindikizidwa kale. Pansi pali a ku China, monga Redsail ndi Jinka, a injini za stepper. Amasokosera, ndipo zilembo zosafika sentimita imodzi amazitafuna m'makona. Koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri.

Ine ndikanakhala iwe ndikanayamba ndi a ku China. Dzina la pa thanki ya njinga silikhala laling'ono chotero, ndipo wa kabaza sakupatsa ndalama yoposa chifukwa chakuti wadulira pa Roland. Chachikulu n'chakuti makinawo azilandira tilumo ta mtundu wa Roland, chifukwa ndi timene timapezeka mosavuta, totchipa, m'mapaketi. Ka madigiri 45 ndi ka ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ka madigiri 60 ndi ka vinyl yokhuthala, makamaka yonyezimira usiku ija, imene imabunthitsa kalumo mofulumira.

Wofunsa: Koma amayi a kalabu ya kwathu amapera chiponde, ena amagulitsa uchi. Akufuna malebulo a m'mabotolo.

Mlangizi: Amenewo ndi osindikiza, ndipo kuwadula bwino kumafuna makina okhala ndi diso lija. A ku China ena ali nalo, ena ali ndi kadontho kofiira kokha koti uziloza wekha. Ngati lebulo ndi ya makona anayi, rula yachitsulo ndi lumo zikwanira. Chimodzi chokha: chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards usachiike pa lebulo ya munthu amene sanakuonetse satifiketi yake.

Wofunsa: Ndalama yonse ndikaika pa makina, zina ndizigula pang'onopang'ono.

Mlangizi: Imeneyo ndi ngolo yopanda ng'ombe. Theka la ndalama yako lisakhudze makina. Vinyl ndiyo imayendetsa shopu, ndipo yonse imachokera kunja, ina kudzera ku Joni, ina ku Dar es Salaam. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi mipukutu m'shelefu anapuma, amene analibe anaona zakuda. Yamba ndi yoyera, yakuda, yofiira, yachikasu ndi yabuluu. Mwa mitundu yodziwika, Oracal 651 ya ku Germany imapirira panja zaka zingapo. 641 ndi yotsikirapo. Iliponso yopanda dzina, yonyezimira bwino m'sitolo, koma ikakhala padzuwa imakhwinyata n'kusiya mzere wa guluu m'mbali mwa zilembo, fumbi n'kumamatirira pomwepo. Pa Kasiya anthu amadziwana. Wa kabaza mmodzi akaimika njinga pa siteji zilembo zikusupuka, anzake onse adziwa kuti inachokera kwa iwe.

Ufunikanso tepi yonyamulira zilembo kuchoka papepala kupita pagalimoto, kachitsulo kosongoka kochotsera vinyl yosafunika pakati pa zilembo, kapulasitiki kokhwimitsira pomata, tepi yoyezera, ndi sipiriti wopukutira. Thanki ya njinga imakhala ndi petulo ndi polishi. Osapukuta, sitika sigwira.

Wofunsa: Kompyuta ndilibe. Foni singagwire ntchito?

Mlangizi: Peza laputopu yakale ya Windows, siifunika yamphamvu. Makina a ku China amabwera ndi pulogalamu monga SignMaster kapena Artcut. Onetsetsa kuti akupatsa pamodzi ndi nambala yake yotsegulira. Pojambula ambiri amagwiritsa ntchito CorelDRAW, koma Inkscape ndi yaulere. Chimene chikudyere nthawi ndi kuphunzira kusandutsa chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp kukhala mizere yoti kalumo katsate. Yamba kuphunzira zimenezo lero, makina asanabwere.

Wofunsa: Magetsi ndiye mukuwadziwa mmene amachitira kuno.

Mlangizi: Mwayi wako ndi wakuti makina odulira sadya moto wambiri. Ambiri safika mawati 100. Batire, invata ndi sola yapakatikati zikhoza kuyendetsa makina ndi laputopu tsiku lonse. Magetsi a ESCOM akazima kalumo kali pakati pa ntchito, vinyl imeneyo yatayika, choncho ndi bwino makinawo azidya kuchokera ku batire nthawi zonse. Uonenso kuti ndi a mavoti 220 mpaka 240. A ku America ena ndi a 110, ukangolumikiza apsa. Ndipo waya wa ethi usamunyozere. Vinyl ikamakhuzana ndi chitsulo nyengo youma imapanga timagetsi tothetheka, ndipo makina otchipa amaima okha kapena kucheka mzere wopingasa pa ntchito yonse. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala nalo ndi mdani. Ukaweruka uzivundikira makina ndi nsalu.

Wofunsa: Matimu a mpira ndi makwaya amafuna manambala ndi mayina pa malaya. Ndigulirenso heat press, makina omatira pansalu ndi kutentha?

Mlangizi: Chaka chamawa. Ntchitoyo ilipo, ndipo makina omwewo amadula vinyl ya pansalu, bola uzikumbukira kutembenuza mawu ngati pagalasi loonera. Koma heat press imafuna kutentha pafupifupi madigiri 150, ndipo imadya mawati oposa 1,000. Kasola kako sikangaikwanitse. Ntchito imene ungayambe nayo mawa ndi ya sitensulo. Makoma a magolosale athu ndi a laimu kapena pulasitala wokhakhala, vinyl sigwirapo. Ukadula zilembo n'kutsala ndi chibowo chake, umata, upaka penti, n'kumatula. Mawu amatuluka oongoka kuposa a burashi, ndipo pa ntchito imeneyi vinyl yotchipa ija ndiye yoyenera.

Wofunsa: Anthu akuti mgodi ukayamba, ntchito ya zikwangwani idzachuluka.

Mlangizi: N'zoona kuti kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals yakhala ikufufuza miyala ya rutile ndi graphite kuno, ndipo Rio Tinto inagulamo masheya mu 2023. Koma usakatenge ngongole powerengera ndalama imeneyo. Makampani aakulu amagula kwa munthu wolembetsa bizinesi, wokhala ndi TPIN ya MRA ndi akaunti ya kubanki, wotha kulemba invoisi. Zimenezo konza, sizivuta. Koma chakudya chako cha lero chichokera kwa a kabaza, ndipo ndalama yawo imayenda ndi nyengo: kuyambira Epulo, fodya akamapita ku Kanengo, anthu amagula njinga n'kufuna mayina, Januwale ndi Febuluwale kumakhala zii. Masiku a msika uzinyamula masitika odula kale kupita nawo ku Nsaru ndi Kabudula. Wina akadzakupempha nambala ya galimoto kapena ya njinga yamoto, ukane. Imeneyo ndi ntchito ya ovomerezedwa ndi a Road Traffic.

Wofunsa: Ndiye ndigule kuti? Mnzanga ali ku Johannesburg akuti akhoza kutumiza pa basi.

Mlangizi: Werengera mtengo wa basi ndi msonkho wa MRA, kenako uyerekeze ndi wa ku Lilongwe. Ngati kusiyana kuli kochepa, gula ku Lilongwe, kumene ungabwerere makina akavuta. Upite ndi laputopu yako, osati kudalira ya wogulitsa, ndipo makinawo alumikizidwe kwa iyoyo iwe ukuona. Uwauze adule mzere wa mamita awiri m'mbali mwa vinyl, uone ngati mpukutu sukukhotera mbali imodzi. Kenako adule dzina lako m'zilembo za sentimita imodzi ndi theka, uchotse wekha zapakati pa A ndi O.

Wofunsa: Akakana kuyesa, poti vinyl ndi yodula?

Mlangizi: Gula mita imodzi ndi ndalama yako, ayesere pomwepo. Akakanabe, pita sitolo ina.