Abakha Oikira Mazira Ofewa

Zikomo amayi a ku Shikoswe, ku Kafue, pa kalata yanu. Mwati abakha anu akuikira mazira ofewa, ena opanda chigoba n'komwe. Ine ndikuloza chala pa gaga amene mukuwadyetsa. Chigoba cha dzira chimafuna kashiyamu wambiri, ndipo bakha woikira amafuna magalamu 3 kapena 4 a mcherewu pa magalamu 100 a chakudya, pamene m'gaga muli wochepetsetsa. Ukasowa, thupi limakatapa m'mafupa, miyendo n'kufooka, dzira n'kumakanirira m'mimba.

Mwina muti, nanga abakha a makolo athu ankapatsidwa zimenezi ndi yani? Ajatu ankayenda okha m'madambo a mtsinje wa Kafue, akutola nkhono, pamene anu amaswera pabwalo la mpanda. Choncho wiritsani zigoba za nkhono ndi za mazira, muumitse, musinje, muike m'mbale yakeyake kuti woikira azidzitapira. Osasakaniza m'chakudya cha anapiye, zimawononga impso. Fumbi la kapenta nalonso limathandiza, komanso dzuwa abakhawo aziliona. Koma akayamba kufa motsatizana, amayi, imeneyo si njala ya kashiyamu. Thamangirani kwa alangizi a ziweto.